Funsani Malume: za Kalk Bay, kadoko ka asodzi kuno ku Cape Town

Mwezi uno makalata angapo abwera ofunsa za malo amodzi omwewo, ena kuchokera kwa abale amene tili nawo konkuno ku Cape Town, ena kumudzi, wina mpaka ku Zambia, nde ndangoti ndiwayankhire pamodzi. Kwa amene simunafikeko, Kalk Bay ndi kadera kakang'ono zedi mmbali mwa nyanja yamchere, mbali imene amaitcha False Bay, makilomita pafupifupi 30 kuchoka pakati pa tauni. Kumbuyo phiri, kutsogolo nyanja, pakatipo msewu umodzi waukulu, njanji, ndi nyumba zosanjikizana kukwera mphiri, basi. Koma kuchepa konseko nkhani zake ndi zambiri.

FUNSO: Malume, ine ndimakhala ku Capricorn koma ndimagwira ntchito yam'nyumba ku Kalk Bay. Chimene chimandidabwitsa nchakuti mabwana anga ndi azungu, maneba awo azungu, mashopu odula okhaokha, koma ukangotsikira ku doko umapeza anthu ena osiyana, makaladi, ena Asilamu, ena mayina awo omveka ngati a Chipwitikizi, ndipo amayenda ngati kwawo. Mayi wina wokonza nsomba anandiuza kuti makolo ake anachokera ku Philippines, ine ndimaesa akungondinamiza. Kodi eni malo amenewa ndi ndani kwenikweni? Mlongo wanu, Capricorn.

YANKHO: Achemwali, mayiwo sanakunamizeni ayi, ndipo tsiku lina mukaweruka msanga mukakhale nawo pansi akuuzeni zambiri, amayenda ngati kwawo chifukwa ndi kwawodi, mabanja awo akhalapo nthawi yaitali kuposa nyumba zambiri zimene mumakolopamozo.

Tiyambire patali pang'ono. Azungu asanafike, mmbali monsemo munkakhala a Khoi ndi a San, ankatola nkhono ndi zam'nyanja zina mmiyala, ena ankaweta ng'ombe ndi nkhosa. Adatchi atakhazikika ku Cape mu 1652 anayamba kumanga nyumba zimene zinkafuna laimu womangira ndi wopaka makoma, nde pagombe limeneli panali zigoba zankhono mbwee, ankaziotcha mmauvuni nkupeza laimuyo, ndipo dzina la malowa linachokera pa ntchito imeneyo poti kalk ndi laimu m'Chidatchi. Kenako cha m'ma 1740 kampani ya Adatchi inalamula kuti nyengo yozizira sitima zake zizikaima ku Simon's Town chifukwa ku Table Bay, doko la pa tauni ya Cape Town, mphepo ya miyezi imeneyo inkaswa sitima zambiri. Vuto linali msewu, ngolo za ng'ombe zinkatitimira mumchenga wa ku Fish Hoek, pena phiri limachita kutsetserekera m'madzi osasiya podutsa, nde ankangofika ndi katundu pa Kalk Bay nkumukweza mmaboti kuti amalize ulendo panyanja. Kadoko kanayamba choncho.

Angerezi atalanda Cape kachiwiri mu 1806 panabwera geni ya anangumi. Ankawalondola pa maboti opalasa, kuwabaya, kuwakokera kumtunda nkumaphika mafuta awo mmiphika ikuluikulu yachitsulo, mafutawo ankayatsira nyale. Anawapha mosasamala moti sipanapite zaka zambiri anangumi anachepa, geniyo nkugwa. Amene anatsala ndi asodzi a nsomba wamba, ndipo anthu amene mukuwafunsawo ndi zidzukulu za amenewa.

Gulu loyamba linali la akapolo omasulidwa. Ukapolo ku Cape unathetsedwa mu 1834 koma anthu anawakakamiza kugwirabe ntchito kwa mabwana awo mpaka 1838, nde atamasukadi ambiri anafuna ntchito yoti asakhalenso pakhomo pa munthu, ndipo usodzi unali umodzi mwa ntchito zochepa zimene munthu wopanda munda akanadzigwirira. Akapolo a kuno anachokera ku Indonesia, ku India, ku Madagascar komanso ku Mozambique, ndipo apa ndimafuna Amalawi tizimvetsetsa bwino, amene ankakwezedwa sitima ku Quelimane ndi pachilumba cha Mozambique ambiri ankagwidwa kumtunda, mmadera a Amakua, Ayao ndi Amaravi. Kuno ankawatcha a Masbieker. Nde mwa anthu amene lero timangoti makaladi, alipo amene makolo awo anachokera kufupi ndi kwathu komwe, ine zimenezi ndikaziganiza zimandikhudza kwambiri. Ambiri mwa omasulidwawo anali Asilamu, nchifukwa chake mukakhotera kamsewu ka Quarterdeck Road mupeza kamzikiti kakang'ono kakale kamene anthu amapempheramo mpaka pano.

Gulu lachiwiri nde la ku Philippines lija. Anayamba kufika cha pakati pa zaka za m'ma 1800, ena atapulumuka pangozi ya sitima, ena anali antchito amsitima amene anangotsika osabwereranso, ndipo ataona kuti nsomba zilipo zambiri anayamba kuitana anzawo, mmene timaitanirana ifenso munthu akapeza poponda. Dziko lawo nthawi imeneyo linkalamulidwa ndi Spain, nchifukwa chake mayina ngati Fernandez ndi de la Cruz amene inu mumawamva ngati a Chipwitikizi, komanso anali Akatolika olimba. Tchalitchi chapafupi chinali ku Simon's Town mpaka mu 1858 pamene anamangiridwa katchalitchi kawo ka St James. Patapita zaka a njanji anafuna malo a tchalitchicho kuti amangepo siteshoni, wansembe wake, bambo John Duignam, anavomera kuti tchalitchi chisamukire kutsidya kwa msewu koma siteshoniyo itchedwe dzina la tchalitchi. Nde mukamadutsa pa St James paja pali tinyumba tamitundumitundu pagombe, dziwani kuti dera lonselo ndi nyumba zake za mamiliyoni linatenga dzina ku tchalitchi cha asodzi osauka. America italanda Philippines mu 1898 ena anabwerera kwawo koma ambiri anali atakwatira kale konkuno, ana ndi zidzukulu zilipo, anakhalira pompo.

Azungu andalama anabwera ndi sitima yapamtunda. Njanji inafika ku Muizenberg mu 1882, pa Kalk Bay mu 1883, ku Simon's Town mu 1890, ndipo anthu amene analemera ndi migodi ya ku Kimberley ndi ku Johannesburg anayamba kumanga nyumba zodzapumiramo nthawi yotentha, mahotela nawo mbwee. Koma njanjiyo popitirira kulowera ku Simon's Town inadutsa pamchenga pomwe asodzi ankakokerapo maboti awo, malo anachepa, mafunde akakula maboti ankaphwanyikira pakhoma la njanji, anthu anadandaula zaka ndi zaka mpaka boma linayamba kumanga khoma lotchinga mafunde mu 1913, ntchito nkutha cha m'ma 1919. Ndi lomwe lija lili ndi kansanja ka nyale kofiira ndi koyera kunsonga kwake kamene alendo amakonda kujambulitsapo.

Nde pamapepala a nyumba eni ake ndi amene ali ndi ndalama, izo nzoona. Koma mudziwu anaumanga ndi obwera, anthu amene anafika manja lendelende, ena mmaunyolo, nkuyamba moyo ndi chingwe ndi mbedza. Inuyo mukamatsika sitima mmawa kupita kukakolopa musamadzione ngati mwalowa malo osakuyenerani.

FUNSO: Malume, ine ndine msodzi ku Senga Bay, ndakulira pa chilimira. Mwana wa mlongo wanga ali ku Masiphumelele, lokeshoni ya ku Cape Town, ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp, maboti akutsitsa nsomba zitalizitali pa Kalk Bay anthu akulimbirana. Ndi nsomba zanji zimenezi ndipo amazigwira bwanji? Nanga munthu wodziwa madzi ngati ine nditabwera ntchito ingapezeke? Kuno usipa wavuta. Msodzi, Salima.

YANKHO: Bambo, nsomba imeneyo ndi snoek, ndiyo nsomba ya anthu wamba kuno ku Cape. Mutaiona mungaiyerekeze ndi ncheni wathu uja, yaitali, yowonda, mano akuthwa kwambiri, kungoti iyi imatha kupitirira mita imodzi. Imabwera mmagulu makamaka miyezi yozizira, ikabwera doko lonse limadzuka, ikasowa anthu amangokhala pakhoma kuyang'ana madzi.

Kagwiridwe kake nkosiyana ndi kanu, pa Kalk Bay sagwiritsa khoka, ndi chingwe chapamanja ndi mbedza basi, nyambo yake sadini kapena kachitsulo konyezimira. Maboti akale amatabwa a injini yadizilo aja amawatcha chukkie, amanyamuka kukadali mdima, munthu aliyense ali ndi malo ake mmbali mwa boti ndi poika nsomba zake. Snoek ikadya nyambo umaikoka msangamsanga, kuiponya mkati, kuipanira mkhwapa nkuithyola khosi isanakulume, chifukwa ikakuluma bala lake limachedwa kuleka magazi, ndipo zala amazikulunga tinsalu poti chingwe chimacheka mnofu. Manja a asodzi achikulire a pamenepa mukawaona ndi zipsera zokhazokha.

Akamabwerako cha masana nde zimene munaona pa kavidiyo zija. Boti likangoyandikira khoma nsomba amaziponya pasimenti mmilumilu, opikula amene kuno amawatcha ma langana amayamba kukuwa mitengo m'Chiafrikaans chothamanga choti olo waphunzira sungachitsate, mphindi zochepa mulu wapita mu bakkie, kagalimoto ka pikiapu, kukagulitsidwa mmalokeshoni. Pambali pake pamakhala amayi pa matebulo asimenti ndi mipeni yawo, amaing'amba kumsana, kuitambasula, kuchotsa matumbo, kutsuka, kuwaza mchere nkuikoloweka kuti mphepo iumitse, ntchito yonseyo wamaliza iwe usanamalize kuwerenga chenji. Pogula umayenera kuidina ndi chala, chifukwa pali ina imene amati pap snoek, ili ndi tizilombo tosaoneka timene timafewetsa mnofu nsomba ikangofa, ukaiphika imangosungunuka ngati phala. Nthawi yotentha amagwiranso yellowtail, kabeljou, geelbek ndi kansomba kofiira kotchedwa red roman.

Tsono za ntchito, ndikuuzeni zoona bambo chifukwa kukunamizani kungakhale kukulakwirani. Pa boti palibe malipiro apamwezi, umadya zimene wagwira ndipo gawo lina limapita kwa mwini boti la dizilo ndi nyambo, tsiku lopanda nsomba wabwera chimanjamanja. Komanso eni ake enieniwo akulira. M'chaka cha 2000 boma linalengeza kuti nsomba zambedza zachepa modetsa nkhawa nkudula chiwerengero cha maboti. Lamulo la zam'nyanja la 1998 linabweretsa ziphaso zoti munthu aziloledwa kugwira mtundu wakutiwakuti, ndipo pamene ankagawa ziphaso zazaka zambiri mu 2005 asodzi ang'onoang'ono ambiri anatsala kunja, anthu oti agogo awo anafera panyanja pomwepo, chifukwa mafomu ake ankafuna munthu wa kampani, wa akauntanti, wodziwa Chingerezi cha maofesi. Nkhani inafika kukhoti, mu 2007 khoti linalamula kuti boma liwaganizire, mu 2012 panatuluka ndondomeko ya asodzi ang'onoang'ono, koma kagawidwe ka 2013 kanasiyanso eni maboti ambiri opanda chiphaso. Pomwe makampani akuluakulu a sitima zokoka makoka pansi panyanja amagwira snoek yambirimbiri pofuna nsomba zina. Ine ndimaona kuti apa boma linawalakwira anthu amenewa. Lero maboti pa doko achepa, masiku ena nsomba imene mukuiona patebulo yachita kubwera pagalimoto kuchokera kumadoko ena.

Nde ngati mwana wobadwira pompo akusowa malo m'boti, mlendo wofunika pemiti yogwirira ntchito ndi satifiketi ya chitetezo chapanyanja zimuvuta kwambiri. Ndipo madzi ake si amene mukuwadziwa, ndi ozizira zedi, munthu akagweramo mphamvu zimatha msanga olo akhale katswiri wosambira, mwera wakuno umaomba miyezi yotentha masiku angapo osapuma, ndipo mafunde pena amalumpha khoma lonse lija, mu September 2023 funde linaswa mawindo a malo odyera a pafupi ndi siteshoni anthu ali mkati. Chinanso, mwana wa mlongo wanuyo mumuuze, akadzabwera anthu omunyengerera kuti azikathandiza kunyamula perlemoen, nkhono yam'nyanja yodula imene amaigwira mozemba, usiku ndalama zake ndi zambiri, akane, imeneyo ndi geni ya magulu a zigawenga ndipo mathero ake ndi ndende kapena maliro. Bwato lanu ndi chilimira musagulitse chifukwa cha kavidiyo.

FUNSO: Malume, ndimaphunzitsa mbiri ku sekondale. Timaphunzitsa kuti nthawi ya tsankho anthu osakhala azungu anachotsedwa mmalo onse abwino. Nanga bwanji ndamva kuti asodzi a pa Kalk Bay sanachoke? Mphunzitsi, Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, mwamva zoona koma ndi theka lake. Lamulo logawa malo okhala potengera khungu linakhazikitsidwa mu 1950. District Six, pakati pa tauni, analengeza kuti ndi ya azungu mu 1966 ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa nyumba zawo nkugumulidwa. Simon's Town anailengeza mu 1967, mabanja amene anakhalako mibadwomibadwo anakatayidwa ku Ocean View, kuseri kwa mapiri, kutali ndi doko ndi sitima. Chaka chomwecho cha 1967 Kalk Bay nayo anailengeza kuti ndi ya azungu okha.

Chimene chinawathandiza chinayamba kale lamulolo lisanabwere. Cha m'ma 1930 khonsolo inkaona tinyumba ta asodzi ngati tauve toyenera kugumula, koma asodzi anakana kupita kutali, mfundo yawo inali yosavuta, msodzi amayenera kugona pamene akuliona boti lake, nyanja ikasintha usiku athamangire kukalimanga bwino, nsomba zikamveka adzuke nthawi yomweyo. Mapeto ake khonsolo inawamangira mafulati pompo pamwamba pa doko m'zaka za m'ma 1940, mpaka lero amawatcha Fishermen's Flats. Nde 1967 itafika anthu anali pamodzi, malo amodzi, ndi mzikiti wawo, tchalitchi chawo, sukulu yawo, ndipo anakana ndi mawu amodzi, azungu ena apamalopo ndi amipingo nawo anaima nawo. Boma linabwerera mmbuyo pang'ono nkunena kuti a mmafulati akhale kaye zaka 15, zakazo zinatha osawachotsa, mpaka lamulolo linafafanizidwa mu 1991.

Theka linalo ndi ili, mabanja amene ankachita lendi nyumba zina kunja kwa mafulati sanatetezedwe, anasamutsidwa kupita ku malokeshoni a ku Cape Flats, ena anasiyana ndi makolo awo ndi maboti awo. Ana anu mukawaphunzitse mbali zonse ziwiri.

Ndipo pali gawo lachitatu limene mabuku sanayambe kulemba bwino. Mu 2018 magazini ya Forbes inaika Kalk Bay pamndandanda wa madera 12 osangalatsa kwambiri padziko lonse, mumsewu waukulu mwadzaza mashopu a zinthu zakale, a zojambulajambula, a mabuku, malo omwera khofi, nyumba zambiri zasanduka za Airbnb zochititsa lendi kwa alendo odzacheza masiku ochepa, mitengo yakwera moti mwana wa msodzi akakwatira sangapeze olo kachipinda kalendi mdera limene anabadwira, amapita ku Retreat kaya ku Ocean View nkumabwera pa sitima. Alendowo chimene amabwerera ndi maboti amitundumitundu aja ndi phokoso la pa doko, koma ndalama zimene amasiya zochepa kwambiri ndi zimene zimafika kwa anthu a mmabotiwo. Zimene mapolisi a tsankho analephera, lendi ndi ziphaso zikuchita pang'onopang'ono popanda wokuwa, ndipo zimenezi zimandiwawa.

FUNSO: Malume, nzoona kuti Cecil Rhodes anafera kufupi ndi kumeneko? Ndimaesa anafera ku Zimbabwe poti manda ake ali konko. Wowerenga, Chipata.

YANKHO: Nzoona achimwene. Anafera mkanyumba kakang'ono mmbali mwa msewu waukulu pakati pa Muizenberg ndi St James pa 26 March 1902 ali ndi zaka 48, anali ndi vuto la mtima ndipo ankafuna mpweya wakunyanja poti kunkatentha. Mtembo anachita kuunyamula pa sitima mpaka ku Bulawayo, kenako pangolo kupita ku mapiri a Matobo ku Zimbabwe komweko. Kanyumbako kalipobe, anakasandutsa kosungiramo zakale, kuchoka pa Kalk Bay mutha kuyenda wapansi. Inuyo a ku Chipata nkhaniyi ikukukhudzani chifukwa mnzake wapamtima amene anali naye pomwalira, Leander Starr Jameson, ndi amene tauni yanu inkatchedwa dzina lake, Fort Jameson. Ifenso a ku Malawi sitili kutali, kampani ya Rhodes ndi imene inkapereka mapaundi 10,000 pachaka kwa Harry Johnston kuti ayendetsere boma la atsamunda kwathu kuyambira 1891. Ine ndimalimbikitsa anthu akwathu kukalowamo, osati kukamulemekeza ayi, koma kuti aone ndi maso munthu amene ankagawa maiko athu ali patebulo.

FUNSO: Malume, ife tili ku Masiphumelele, ine ndi akazi anga ndi ana atatu. Khrisimasi ino tikufuna tiwatulutseko ana koma ndalama ndi zochepa. Akazi anga akuopa kuti Kalk Bay ndi ya azungu ndi matuwalisiti, mwina akatiyang'ana moipa, komanso akuopa shaki. Tipite kapena tisiye? Bambo wa ana atatu.

YANKHO: Pitani achimwene, ndipo alamu anga muwauze asaope. Kagombe kamkati mwa doko kaja, pansi pa njanji, nthawi ya tsankho kanali kamodzi mwa malo ochepa mbali imeneyi amene anthu akuda ndi makaladi ankaloledwa kusambako, nde mpaka lero pa 26 December ndi pa 1 January mabanja a ku Cape Flats amadzaza pamenepo ndi mapoto awo, maambulera, agogo, makanda, simudzakhala nokha ayi. Koma ngati ana ndi aang'ono ine ndingakonde mupite tsiku lina lapakati pa sabata chifukwa masiku awiri amenewo anthu amachuluka mopitirira ndipo mwana kusowa sikuchedwa.

Mayendedwe ndi osavuta, takisi mpaka ku Fish Hoek kenako sitima, siteshoni yotsatira ndi Kalk Bay yomweyo, ana muwakhazike kuwindo la kunyanja chifukwa njanji imadutsa pamwamba pa miyala mafunde akumenya pansi pake. Mufunsiretu nthawi ya sitima yomaliza poti masiku atchuthi zimayenda zochepa.

Posambira pabwino kwa ana ndi mmadamu aja anamanga ndi khoma mmbali mwa nyanja, madzi amalowa okha nyanja ikadzaza, lina lili pa Dalebrook lina pa St James, onse ndi aulere, mulibe mafunde okoka munthu ndipo shaki singalowemo. Za shaki panyanja yeniyeni, kuyambira 2004 pali anthu otchedwa Shark Spotters amene amakhala pamwamba paphiri mmbali mwa msewu wa Boyes Drive kuyang'ana madzi, mukaona mbendera yoyera ndi kumva sailini tulukani m'madzi msanga, yofiira ndi chenjezo, yakuda ndiye kuti madzi sakuoneka bwino, yobiriwira ndiye kuti madzi akuoneka bwino. Komanso shaki zikuluzikulu zoyera zija zachepa kwambiri mu False Bay kuyambira cha m'ma 2017. Chimene ine ndimaopa kwambiri kuposa shaki ndi ma seal, nyama zam'nyanja zija zimagona pa doko kudikira matumbo a nsomba, amaoneka ofatsa ana nkumafuna kuwagwira, koma amaluma, ndipo mu 2024 zinatsimikizika kuti ena mwa ma seal a kuno ali ndi chiwewe. Mwana asayandikire, ndipo wina akalumidwa kaya kukandidwa tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Pakhoma lalitali lija anawo muwagwire dzanja, kulibe chotchinga, ndipo ngati nyanja yakwiya musapiteko nkomwe.

Pitani mmawa mphepo isanayambe. Mowa pagombe ndi woletsedwa, apolisi amalanda. Mukafuna kuponya mbedza pamafunika pemiti, nsomba zake nzosagulitsa, ndipo kuchoka pa damu la St James kufika cha ku Kalk Bay ndi malo otetezedwa osaloledwa kutola olo nkhono. Kuphiri kuli mapanga ndi nkhalango yokongola ku Echo Valley koma kumeneko pitani tsiku lina muli gulu, kunachitikapo zauchifwamba. Anangumi pa Khrisimasi simuwaona, amabwera kuyambira June mpaka November, anachulukanso chilekereni kuwapha, nthawi imeneyo mudzawatengerenso ana mukaime pa Boyes Drive muwaone akupuma pafupi penipeni ndi gombe.

Zakudya nyamulani zakunyumba, malesitilanti amumsewu waukulu ndi odula, koma ngati mthumba mwatsala kanthu mkati mwa doko muli Kalky's, fishi ndi tchipisi mbale imodzi ana awiri akhuta, pamakhala mzere wa anthu amitundu yonse. Pobwerera ngati maboti alowa mugule snoek imodzi kwa amayi aja akukonzereni. Eni kuno amaiotcha pamakala nkumaipaka jamu wa ma apricot, koma ndi nsima njira yabwino ndi imene amati smoorsnoek, ngati ili yamchere kwambiri iviikeni kaye m'madzi, muiwiritse pang'ono, muchotse minga yake italiitali ija bwinobwino chifukwa cha ana, kenako muikazinge ndi anyezi wambiri, tomato ndi katsabola pang'ono.